Ndinakhala Chete Akugoneka Kadona

1

Ndinali nditangolemba mayeso otsiriza a sekondale, ndikudikira zotsatira kunyumba kwa asisi anga. Ntchito yanga inali kusesa, kuchapa ndi kulera mwana wawo wa zaka zinayi. Mwanayo tonse tinkamutcha Kadona, chifukwa ankalamula nyumba yonse manja ali m'chiuno. Ineyo alamu anga anandipatsa dzina loti Namaloto, ndipo sanalakwe. Ndinkatha kupsereza mphika ndili chiimire pomwepo, maganizo ali pa diresi la ukwati.

Wodzandiveka diresilo analiponso. Anthu ankangomutcha Wamafoni, poti anali ndi kashopu kokonzera mafoni m'mbali mwa msewu waukulu. Ndinamudziwa tsiku lomwe asisi anandituma kukakonzetsa foni yawo. Anali ndi zala zazitali, ndipo akamamasula tizitsulo ting'onoting'ono ankaluma mlomo wam'munsi. Ndinalowa ndi foni yakufa, ndinatuluka mtima utasiyidwa pakauntala.

Kunyumba sindinamubweretseko ndi tsiku limodzi lomwe, kuopa alamu. Tinkapangana kupaki, tsidya lina la tawuni, pabenchi la pansi pa mtengo. Vuto lake linali limodzi: nthawi. Ndinkadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Nthawi zina ankafika dzuwa litapendeka, nthawi zina osafika n'komwe, koma kupepesa kwake kunali kozuna kuposa kubwera kwake.

Alamu anali dalaivala wa galimoto zikuluzikulu zonyamula katundu. Akachoka, nyumba inkapuma. Akabwera, ngakhale masupuni ankaopa kulira m'mbale. Mwana wawo ankamusamala ngati diso, koma mkazi wawo anamusandutsa ng'oma.

2

Tsiku lomwe ndikufuna kukuuzanilo linayamba ngati nyimbo. Wamafoni anaimba m'mawa.

"Bebi, kupaki kuja masana ano. Ndili ndi mawu aakulu."

Mawu aakulu! Ndinasita bulauzi yanga yachikasu mpaka kolala inatsala pang'ono kupserera.

Nditalowa m'khitchini, ndinapeza asisi ataweramira tebulo, akuphwanya kanthu koyera ndi kumsana kwa supuni. Ufawo anaukokolera m'kapu ya Kadona, nathiramo juwisi.

Sikanali koyamba kuona zimenezi. Anali mapiritsi awo a tulo, amene anawalembera kuchipatala ulendo wina alamu atawathyola nthiti. Koma masiku onse ankabenthula theka. Tsiku limeneli piritsi linali lathunthu.

"Asisi, lonselo?"

"Theka silikumugwiranso. Amangoti tseke pang'ono, kenako dzambatu, wayamba kundiitana."

"Komatu si za ana zimenezo."

"Unabereka liti iwe? Mutu ukundiwawa, ndikufuna ndipumeko. Iwe uzipita kokadzionetsa, ine nditsale ndi wailesi yosathima iyi?" Kenako anandigwira dzanja mwamphamvu, zikhadabo zikulowa. "Ndipo tamvera. Bambo ake akadzamva za kapu iyi, wondikumbira manda udzakhala iweyo."

Kadona analowa akukoka chidole chake mwendo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Anti, mwadzola chiyani pakamwapo? Mukuoneka ngati mwadya nyama yaiwisi."

Tinaseka tonse. Anamwa juwisi wake mpaka kugogoda kapu, ine n'kuthamangira basi.

Kupaki ndinadikira, ndinadikira. Foni yake inali yothima. Masiku ena ndikanakhala mpaka mthunzi utandithawa, koma tsiku limenelo mawu aakulu aja anandiotcha. Ndinanyamuka msanga, ndikuyeseza m'mutu momwe ndidzamukalipire komanso momwe ndidzamukhululukire.

3

Ndisanafike pageti ndinaona galimoto ya alamu itaima mopingasa. Sitinkawayembekezera sabata imeneyo. Aneba anali ataunjikana panja, aliyense wagwira pakamwa, koma wolowa panalibe.

Chitseko chinali chitazuka, chikulendewera. M'katimo asisi anali pansi pakati pa mipando, atangomanga nsalu pachifuwa, alamu atawaimirira pamwamba ndi lamba wopindidwa padzanja.

"Ndani wadumpha mpanda? Ndamuona msana! Ndani?"

"Palibe, bambo a Kadona! Ndimasamba, n'chifukwa chake ndinakhoma chitseko!"

Lamba anatsika, mbali ya chitsulo. Chikope cha asisi chinang'ambika, magazi n'kuthamangira m'khutu.

"Alamu, chonde, muwapha!"

"Iwe Namaloto, ukangosuntha phazi, ukhala wachiwiri."

Ndipo sindinasunthe. Amene anasuntha ndi Kadona. Anatulukira kuchipinda kwake akudzandira ngati chidakwa, maso olemera, akugwira khoma. Anafika n'kukumbatira mwendo wa bambo ake.

"Adadi, siyani. Ndanena kuti siyani."

Alamu sanayang'ane n'komwe chomwe chawagwira. Anangotsitsa dzanja, kugwira kamkono, n'kuponya kumbali ngati akutaya chiguduli. Mwana anakamenyetseka pamwendo wachitsulo wa tebulo.

Thyo!

Phokoso limenelo ndi la kamtengo kouma. Kenako kunamveka kukuwa komwe sindinamvepo chibadwire. Mkono wa Kadona unali utapindika pakati pa chigongono ndi dzanja, pamalo pomwe Mulungu sanaikepo mfundo.

Lamba anagwa. Alamu anagwada.

"Mayi wanga, mayi wanga, ndachita chiyani ine?"

Koma m'takisi yopita kuchipatala misozi yawo inali itauma kale. Anatembenuka kuchokera kumpando wakutsogolo, natiloza mmodzimmodzi.

"Wagwa pampando. Mwamva nonse? Wagwa pampando. Wina akangopotoza lilime, adzandidziwa bwino. Ndipo iwe," anauza asisi, "nkhani ya mpanda ija sinathe. Ndikangopeza umboni umodzi wokha, uyambe kutsanzika abale ako."

4

Kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi kunali fungo la mankhwala otsukira pansi ndi thukuta la anthu amantha. Sanatiimike pamzere. Anamwino ena achikulire, aafupi, magalasi akulendewera pachingwe m'khosi, atangoona mkonowo anatikokera kuseri kwa katani.

"Chachitika n'chiyani?"

"Wagwa pampando," anatero alamu.

Anamwinowo anavala magalasi, nayang'ana nkhope ya asisi.

"Nanunso mayi mwagwa pampando womwewo?"

Asisi anayang'ana kumbali. Anamwino sanakakamize. Anamuyeza Kadona pasikelo ndili chimunyamulire, kenako ine ndekha, kuti adziwe kulemera kwake popanda kumuimika. Anamuonetsa kakhadi kokhala ndi nkhope zingapo, kuyambira yoseka mpaka yolira.

"Tandiuza, mayi wamng'ono, ululu wako ukufanana ndi nkhope iti?"

Kadona analoza yomaliza, kenako chala chinapitirira mpaka kunja kwa khadi.

"Kulibe ina kunoku?"

Anamwino anaika khadilo pambali. Sanayambe ndi jekeseni. Anamupopera mankhwala opha ululu m'mphuno, namangirira mkono pakathabwa kuti usagwedezeke, napaka kirimu wochititsa dzanzi kuseri kwa dzanja linalo, pomwe pankayenera kulowa kasingano. Podikira, anafufuma gulovu n'kujambulapo maso ndi pakamwa.

"Uyu ndi tambala wanga. Akudwala chimfine. Umugwirire."

Kulira kunayamba kuchepa. Mutu unkagwera pachifuwa panga, kenako ululu n'kumudzutsanso. Atamujambula mafupa, kunabwera adokotala, mzimayi wachitsikana wowonda, wolankhula mwachangu. Anamuwalitsa tochi m'maso, namupapasa mutu wonse kufuna chotupa, kenako anagwira zala za mkono wothyokawo n'kukwinya nkhope.

"Mafupa onse awiri athyoka, ndipo zala zikuzizira. Magazi sakuyenda bwino. Sitingadikire mawa, tiyenera kuwongola pompano. Kuti asamve kanthu, timugoneka kwa kanthawi kochepa. Koma ndisanatero ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho oona."

Anafunsa nthawi yomwe mwana anadya. Anafunsa za mphumu, za mtima, za kukomoka. Asisi ankayankha diso limodzi litatupa.

"Wamwa mankhwala aliwonse lero? Kaya a chifuwa, a chimfine, azitsamba, chilichonse?"

"Ayi," anatero asisi.

"Ndikufunsa chifukwa mwanayu akusinza kuposa momwe ndimayembekezera. Mankhwala ogonetsa ali ngati katundu wa pamutu. Timamusenzetsa molingana ndi msinkhu wake. Ngati wasenza kale wina inu osatiuza, choyamba kugonja ndi mpweya."

"M'nyumba mwanga mwana samwa kanthu ine osadziwa," anatero alamu. "Watopa ndi kulira basi. Chitani ntchito yanu."

Anamwino aja anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu, achitsikana? Mwanayu akuoneka kuti amakukondani. Mwaonapo kanthu?"

Diso lotsala la asisi linali pa ine. Alamu anali kumbuyo kwanga, mpweya wawo ukundiomba m'khosi. Umboni umodzi wokha, anatero m'takisi. Nanga mayi amagonetseranji mwana ndi piritsi masanasana, chitseko chili chokhoma? Ndinadziuza kuti piritsilo latha mphamvu. Ndinadziuza kuti mwana wokuwa chonchija sangakhale ndi tulo m'magazi. Ndinadziuza zinthu zambiri zokoma, monga mwa chizolowezi changa.

"Sindikudziwa," ndinatero.

5

Anamugoneka pabedi lopapatiza. Pachala anamupana kachipangizo kowala mofiira, pachifuwa anamata timawaya topita kumakina omwe ankalira motsatira mtima wake: ti, ti, ti. Pafupi ndi mutu anaikapo chophimba pakamwa cholumikizidwa ku chibaluni cha mpweya.

"Chimenecho n'chachiyani?" anafunsa alamu.

"Sitigoneka mwana chisanakhale pafupi," anayankha anamwino. "Nthawi zambiri chimangobwerera m'kabati."

Anati munthu mmodzi akhale kumutu kwa mwana, ena aime patali. Alamu anasendera, koma Kadona anabisa nkhope. Asisi anatambasula dzanja, iye anapukusa mutu.

"Ndikufuna Anti."

"Muzimulankhula," anamwino anandinong'oneza. "Mwana akagona akumva zabwino, amadzukanso bwino."

Ndinalibe nkhani ina koma yanga ija.

"Kadona, ukudziwa kuti Anti akwatiwa? Iwe udzayenda patsogolo, utavala diresi loyera, ukumwaza maluwa."

"Nsapato zake zikhale zolira," anatero, lilime likulemera.

"Zolira kwambiri. Kho, kho, kho."

Adokotala anakankha mankhwala pang'onopang'ono, maso ali pamwana. Anati ayamba ndi ochepa kuposa masiku onse. Maso a Kadona anatsala otsegula theka, akuyang'ana kutali komwe ife kulibe. Mnyamata womanga zikhakha anagwira chigongono, adokotala n'kukoka dzanja. Fupa linabwerera ndi kaphokoso konyansa, ndipo mwana sanaphethire n'komwe. Pang'ono ndi pang'ono zala zija zinayamba kufiira.

Mtima unakhala pansi. Tawoloka, ndinatero mumtima. Mwaona? Kukhala chete sikunaphe munthu.

Pomwepo kulira kwa makina kunasintha. Kunayamba kutsika, kunenepa, ngati wailesi yomwe mabatire akutha. Ndinayang'ana pachifuwa pa Kadona. Tambala wa gulovu uja anali pomwepo, ndipo sankakwera kapena kutsika.

Milomo yake inali ikusanduka phulusa.

6

"Sakupuma. Chibaluni!"

Adokotala anali kale kumutu. Anandikankha ndi phewa, nakweza chibwano cha mwana, naphimba pakamwa ndi mphuno, n'kuyamba kufinya. Fuu. Fuu. Kachifuwa kankakwera akafinya, akasiya kankangoti phwa.

"Kadona! Kadona, puma mwanawe!" anamwino ankamutsina phewa.

"Mwamutani mwana wanga?" anabangula alamu.

Adokotala sanatembenuke. Mawu awo anatuluka ozizira ngati mpeni.

"Mankhwala omwe ndamupatsa sangachite izi paokha. Muli china m'thupi mwake. Wina m'chipinda muno akudziwa, ndipo ndilibe nthawi yonyengerera. N'chiyani?"

Asisi anali atatsamira khoma, manja pakamwa, akupukusa mutu kwa ine. Mwana wawo akuchita phulusa, iwo akundipukusira mutu! Pamenepo china chake chinaduka mwa ine.

"Piritsi la tulo! Lathunthu, m'juwisi, masana ano! Ndi la asisi!"

"Dzina lake?"

Dzina sindinkalidziwa. Ndinalumphira chikwama chomwe asisi anakolekera paphewa. Anachikakamira, chingwe chinaduka, ine n'kukhuthulira zonse pansi: makiyi, chipeso, mafuta odzola, ndi kapaketi kasiliva. Anamwino anakatola, nawerenga mokweza, nathamangira kukabati.

"Wati chiyani, Namaloto?"

Alamu anafunsa motsitsa, ndipo ndinadziwa kuti kutsitsako n'koopsa kuposa kubangula. Kenako anatembenukira kwa asisi.

"Umagoneka mwana wanga ngati galu kuti ulowetse mwamuna m'nyumba mwanga?"

Anawagwira asisi pakhosi ndi manja onse awiri n'kuwamenyetsa kukhoma. Thireyi ya zitsulo inagwa, katani inazuka ndi ndodo yake yomwe. Mapazi a asisi anasiya pansi, lilime likutuluka.

"Alonda!" anakuwa adokotala, dzanja lawo osasiya kufinya ngakhale kamodzi. Fuu. Fuu.

Ine, yemwe masana aja ndinalephera kusuntha phazi, ndinadumphira pamsana pa alamu n'kuwaluma khutu mpaka ndinamva mchere wa magazi. Anandibweza ndi chigongono pakamwa. Ndinagwa chagada, dzino likugwedera. Alonda analowa ndi zibonga, womanga zikhakha uja n'kuthandizira, ndipo anatuluka nawo akuwakwakwaza, alamuwo akutukwana dziko lonse.

Ndili pansipo, pakati pa zitsulo ndi magazi anga omwe, ndinaona anamwino akulowetsa mankhwala ena m'kasingano kaja, othetsa mphamvu ya piritsi. Ndinayang'anitsitsa dzanja la adokotala. Linafinya. Linafinyanso. Kenako linaima, likudikira.

Kadona anatsokomola.

Kachifuwa kanakwera kokha. Makina anayamba kukweza mawu, ti, ti, ti, mpaka kubwerera pomwe anayambira. Adokotala anapukuta chipumi ndi mkono, nandiyang'ana koyamba.

"Mukanandiuza poyamba paja, ndikanachita mwanjira ina, ndipo zonsezi sizikanachitika. Mukanachedwanso pang'ono, sindikudziwa."

Atatero anabwerera kwa mwana.

7

Anatisamutsira pakona yabata, nachepetsa magetsi. Mkono unali m'chikhakha choyera. Asisi ankawasoka chikope pabedi loyandikana, kuseri kwa katani. Anamwino anandipatsa thonje loti ndilume, nandichenjeza.

"Akamadzuka ana amaona zachilendo, amalankhula zosamveka. Musamudzidzimutse. Mawu apansipansi basi."

Ndinali ndekhandekha. Ndinkafuna phewa loliriapo. Ndinayesanso foni ya Wamafoni, ndipo ulendo uno inalowa. Ndinamufotokozera zonse ndikusisima.

"Alamu akowo ali kuti pano?" ndilo linali funso lake loyamba.

"Apolisi awatenga."

"Ndikubwera."

Mukuona mmene ndinalili? Mlomo wotupa, bulauzi yachikasu ili magazi okhaokha, koma mtima unadumpha. Akubwera! Pamavuto m'pomwe chikondi chimaonekera! Ndinafika pokonza tsitsi ndi zala.

Analowa akutsimphina, dzanja lamanja atalikulunga kansalu.

"Watani?"

"Ndagwa panjinga yamoto ndikuthamangira kupaki kuja. Foni n'kuthima. Pepa bebi."

Ndinamugwira dzanja lovulalalo n'kulipsompsona. Inde, ndinatero.

Kadona anayamba kuphethira. Anayang'ana kudenga, namwetulira mopusa.

"Anti, muli ndi mitu iwiri. Wina ndi wonyansa."

"Ndi uti wonyansawo?"

"Yonse."

Ndinaseka ndikulira. Kenako maso ake anatsetsereka n'kukaima pa munthu yemwe anali pambali panga.

"Ankolo, mwabweranso?"

"Ukulota, Kadona," ndinatero. "Awa sunawaonepo."

"Ndi ankolo a maswiti. Amabwera inu mukachoka." Anayasamula. "Ankolo, munandiponda phazi podumpha pawindo langa. Simunapepese. Ndiponso simunavale malaya."

Ndinayang'ana anamwino kuti andiuze kuti ndi mankhwala. Iwo anayang'ana pansi. Ndinayang'ana Wamafoni kuti aseke. Sanaseke, ndipo sankayang'ana ine. Ankayang'ana katani.

Kuseri kwa kataniyo kunachokera mawu a asisi, osasa chifukwa cha kukanyangidwa pakhosi.

"Ndinakuuza kuti usabwere kuno."

Benchi lija. Mtengo uja. Masana onse aja ndinkawerenga masamba a mtengowo ndikusankha mayina a ana athu, tsidya lina la tawuni, kutali kokwanira kuti ndisabwere msanga. Mpanda wathu uli ndi mabotolo osweka pamwamba. Ndinayang'ananso kansalu kaja, komwe milomo yanga inali itangochokapo.

"Mawu aakulu aja ndi amenewa?"

"Bebi, tamvera, iwe ukadali mwana, zinthu izi..."

Pakabati panali mbale yachitsulo yosanziramo odwala. Sindikumbuka ndikuitola. Ndikukumbuka kulira kwake pamphuno pake, ndi magazi akutsikira m'malaya. Ndinaikwezanso, koma dzanja langa linagwidwa m'mwamba.

"Basi," anatero anamwino. "Tamuonani."

Kadona anali atatseka maso mwamphamvu, dzanja labwinolo litaphimba khutu.

"Mwana uyu lero waona nkhonya zomukwanira moyo wonse. Inu abambo, tulukani, mphunoyo akakuoneni kutsogoloko. Inu achitsikana, ikani mbaleyo pansi, mumugwire dzanja. Mwa anthu onse abwera naye, watsala ndi inu nokha."

Ndinaika mbale pansi.

8

Mwana atagonanso, tulo take tokha tsopano, ndinatsegula katani. Asisi anali chigonere, ulusi wakuda pachikope, zala za alamu zitadindika pakhosi.

"Munkanditumiza kupaki ngati mbuzi yokamangirira kudambo."

"Iwe unkangofuna maloto, ndipo ankakupatsa," anatero osandiyang'ana. "Ine ndinkafuna munthu wondigwira osandisiyira chipsera. Sungamvetse."

"Nanga Kadona ankafuna chiyani?"

Anandigwira mkono. Kenako anati, "Kukubwera apolisi. Unene kuti anatola yekha piritsilo. Ndine m'bale wako, Namaloto. Magazi amodzi."

Anabweradi, wapolisi wamkazi pamodzi ndi mayi wa ofesi yoteteza ana. Adokotala ndi amene anawaitana, poti mkono wotere suthyoka ndi mpando. Wapolisiyo anakhala pafupi nane.

"Tiyambe ndi mkono. Anathyola ndani?"

Sanamalize bwino funsolo ine nditayankha kale. Ndinanena za lamba, za tebulo, za supuni ndi kapu. Ndinanenanso za mtsikana wa bulauzi yachikasu yemwe anaona piritsi lathunthu likuphwanyidwa, n'kuthamangira basi, yemwenso anafunsidwa pamaso n'kunena kuti sakudziwa. Asisi anatembenukira kukhoma. Mpaka lero sanandilankhulenso.

Alamu ali m'ndende. Mlandu wa asisi ukadali kukhoti, ndipo mwana amamuona pokhapokha pali munthu wina. Kashopu kaja kanatsekedwa, mwini wake sindikudziwa komwe analowera. Ine ndi Kadona tikukhala kwa azakhali athu, chipinda chimodzi, bedi limodzi. Mkono unapola. Akalemba, amagwira pensulo ndi dzanja lomwelo.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa ena mwa inu mukuti ndinapereka m'bale wanga. Ena mukuti ndine ngwazi. Nonse mwaphonya. Mnzanga wina anandifunsa chomwe chimandiwawa kwambiri, kulandidwa mwamuna kapena kunamizidwa ndi mkulu wanga. Ndinadabwa kupeza kuti zonsezo zinapola msanga kuposa dzino langa. Chomwe sichipola ndi mawu amodzi aja, sindikudziwa. Ndinawasankha chifukwa ankaoneka aulemu, osapweteka aliyense. Ndinkaganiza kuti ndikuteteza munthu wamkulu ku nkhonya, osadziwa kuti ngongole ya kukhala chete kwanga aipereka ndi mwana wa zaka zinayi, ndi mpweya wake.

Anthu a kuchipatala aja sankafuna miseche ya m'banja mwathu. Analibe nazo ntchito zoti ndani wadumpha mpanda. Ankafuna kudziwa chomwe chili m'magazi a mwana asanawonjezerepo china, ndipo makina awo onse aja sakanawauza. Tinali nacho ndife akuluakulu, aliyense atakumbatira chinsinsi chake. Tsiku lina mudzaima pambali pa kabedi kotero, ndipo adzakufunsani funso looneka laling'ono. Mwina yankho lake lidzakuchititsani manyazi, mwina lidzaphwasula banja. Lisiyeni liphwasuke. Ine ndinayesa kupulumutsa zonse ziwiri, ndipo banjalo linagwabe, mwanayo n'kutsala pang'ono kupita nalo.

Zotsatira za mayeso zinatuluka, ndinakhoza. Azakhali akuti ndipite kukoleji yakutali, koma ndawapempha kuti ndiyambe ndafuna yapafupi. Amaseka, amati Namaloto wasiya kulota. Sindinasiye. Kungoti masiku ano Kadona akagona, ine tulo sitibwera mpaka nditaika dzanja pamsana pake n'kumva likukwera, likutsika, popanda womufinyira.